Ana a fomu 6 opita ku Kigali: akaone chiyani, akalembe liti

Aphunzitsi, mwafunsa za ophunzira anu 18 a fomu 6 ku Highfield, mu Harare, amene akupita ku Rwanda, kuti muwakonzekeretse bwanji ndiponso akalembe motani zimene zawakhudza. Choyamba auzeni kuti akupita kumanda. Pa Kigali Genocide Memorial, ku Gisozi, pagona anthu oposa 250,000 amene anaphedwa pa kupululidwa kwa Atutsi mu 1994, ndipo abale awo amabwerabe kudzayala nkhata. Mwana wokulira pakati pathu amadziwa kale khalidwe la pasiwa: kutsitsa mawu, kuvala modzilemekeza, foni m'thumba. Ingowakumbutsani zimenezo. Kujambula, ayambe afunsa ogwira ntchito pamalopo.

Musananyamuke ku Harare patulani maphunziro atatu a mbiriyi. Adziwe kuti ndege ya Pulezidenti Habyarimana inagwetsedwa pa 6 Epulo 1994, ndipo kupha Atutsi kunayamba pa 7 Epulo n'kutenga masiku pafupifupi 100. Koma nthawi yambiri muithere pa zimene zinatsogola: zitupa zolembedwa mtundu wa munthu kuyambira nthawi ya atsamunda a ku Belgium, wailesi ya RTLM imene inkatcha Atutsi kuti inyenzi, kutanthauza mphemvu, ndi zipata za pamsewu pomwe chitupa chija chinkaweruza munthu. Mukadumpha zimenezi ana adzabwerako akunena kuti "mitundu iwiri inangodana", pamene kuphako kunachita kukonzedwa. Muwachenjezenso kuti asakafunse munthu aliyense ngati ali Mhutu kapena Mtutsi. Funso limenelo kumeneko ndi lopweteka.

Za masiku: kuyambira pa 7 mpaka 13 Epulo ndi sabata ya maliro a dziko lonse, Kwibuka, ndipo malo ndi a ofedwa. Loweruka lomaliza la mwezi kumakhala Umuganda, ntchito yachitukuko, ndiye m'mawa malo ambiri ndi otseka.

Pa Gisozi apatseni maola atatu, osawathamangitsa. Agaweni m'magulu a anthu 6, gulu lililonse ndi wamkulu mmodzi wonyamula madzi. Muli gawo la 1994, gawo la mitundu ina imene inapululidwa, kuphatikizapo Aherero a ku Namibia, kenaka chipinda cha ana. M'chipinda chimenecho muli zithunzi zikuluzikulu, pansi pake dzina la mwana, zaka zake, chakudya chimene ankakonda ndi mmene anaphedwera. Apa ndi pamene ambiri mtima umasweka, makamaka amene ali ndi ang'ono awo kunyumba. Wofuna kutuluka atuluke ndi wamkulu akakhale m'munda wa maluwa panja, popanda womufunsa chifukwa. Wina adzaseka mosayembekezera. Si mwano, ndi mantha, mumutengere pambali mwakachetechete.

Tsiku limodzi, malo amodzi. Matchalitchi a Nyamata ndi Ntarama, ku Bugesera, ali pafupi ndi Kigali ndipo muli zovala za anthu amene anathawiramo n'kuphedwera momwemo. Amenewo akhale a tsiku lina. Ku Murambi kuli mitembo yosungidwa ndi laimu, ndipo ine sindingalangize kupitako ndi ana a sukulu popanda makolo kudziwa bwinobwino n'kuvomera.

Tsopano zolemba, pomwe maulendo ambiri amalakwikira. Mukawauza kuti "lembani mmene mwamvera", mudzalandira mapepala 18 ofanana: zinali zomvetsa chisoni, zisadzachitikenso. Mwana walemba zimene akuganiza kuti mphunzitsi akufuna. Ena amangokopera zolembedwa pakhoma. M'malo mwake aliyense akhale ndi kakope kakang'ono, ndipo ali mkati alembe chinthu chimodzi chokha chimene maso ake akana kuchisiya: dzina limodzi, nsapato, kolona, chitupa. Madzulo atatha kudya mukhale pansi mphindi 40, wofuna kulankhula alankhule, wosafuna angomvera. Asanagone ayankhe mafunso atatu m'kakope muja: ndaona chiyani, ndinkaganiza chiyani ndisanabwere, ndatsala ndi funso lanji. Zimenezi musazichonge ndipo musaziwerenge pokhapokha mwini wake atakupatsani. Alembe m'chilankhulo chimene chabwera, kaya Chichewa, Chishona kapena Chingerezi.

Nkhani yochonga idikire sabata ziwiri atabwerera. Iyambire pa chinthu chimodzi chija, kenaka ifotokoze mmene chinafikira pamenepo. Malikesi muwapereke pa kulondola kwa mbiri ndi kuganiza, osati pa kuchuluka kwa misozi.

Konzekeraninso kuti adzayerekeza ndi kwathu. Wina adzatchula Chimoio, ku Mozambique, kumene asilikali a Rhodesia anaphera anthu mu Novembala 1977, wina Gukurahundi, kuphedwa kwa anthu ku Matabeleland m'zaka za m'ma 1980, wina amene agogo ake amakamba za ku Malawi adzatchula andale anayi ophedwa ku Mwanza mu 1983. Musawatseke pakamwa. Muwafunse kuti zikufanana pati, zikusiyana pati, anapha ndani, anaphedwa ndani, ndipo lero akukumbukiridwa bwanji. Zolemba zotere zisapite pa Facebook kapena m'gulu la makolo la WhatsApp mwanayo ndi kholo lake asanavomere.