Kabokosi ka fodya kokhala ndi nkhope ya msilikali, nkakale ndithu?

Mayi wina wa ku Leicester, ku England, wandilembera imelo, akuti wagula kabokosi kokwana m'dzanja pa car boot sale (msika womwe anthu amagulitsa katundu wawo wakale kuchokera m'magalimoto awo), pachivindikiro pali bambo wa tsitsi loyera atavala yunifolomu, mkono umodzi wa jekete mulibe kanthu angoupanira pachifuwa. Akufunsa kuti ndi ndani ameneyu, nanga kangakhale kakalekale?

Mayi, mmene mwafotokozeramu ameneyo ndi Horatio Nelson, mmodzi mwa akuluakulu a asilikali apanyanja a Britain. Mkono wamanja anamudula mu 1797 atawomberedwa ku Santa Cruz de Tenerife, ndipo anafera pa nkhondo ya Trafalgar pa 21 October 1805 ali m'sitima yake ya HMS Victory. Nthawi imeneyo azungu ankafwenkha fodya kwambiri, amuna ndi akazi omwe, kabokosi kamayenda m'thumba, mukakumana ndi mnzanu mumatsegula naye atsineko, ndiye kuikapo nkhope ya ngwazi kunali kuonetsa kumene mtima wako uli. Sizinayambire pa Nelson ayi, Edward Vernon, mkulu winanso wa asilikali apanyanja a Britain, atalanda doko la Porto Bello mu 1739 ndi sitima 6 zokha nkhope yake inali paliponse, Wellington, mkulu wa asilikali apamtunda a Britain, naye chimodzimodzi itatha nkhondo ya Waterloo mu 1815.

Koma apa ndipamene ndikufuna mundimvetse, nkhope imangokuuzani munthuyo, zaka za kabokosiko siikuuzani. Timabokosi tambiri ta enamel (utoto wonga galasi wootchera pachitsulo) tinkapangidwa ku Bilston ndi Birmingham, kopa mkati enamel pamwamba, tina ta mapepala omata olimba opaka vanishi wakuda, ndipo anthu akhala akutengera tomweti mpaka lero, kampani ya Samson ku Paris inapanga tambiri totengera takale m'ma 1800, ku England komweko anayambiranso cha m'ma 1970.

Ndiye katengereni pawindo mukaone bwinobwino. Kakale kamakhala kotha m'makona momwe zala zinkagwira, timing'alu ta enamel timada ndi litsiro la zaka, kahinjesi kamaoneka kuti kagwira ntchito. Tembenuzani muone pansi, tatsopano nthawi zambiri timalembedwa dzina la kampani.

Chonde chonde musakakweche ndi polishi kapena kukaviika m'madzi, zimandiwawa ndikaona chinthu chapirira zaka 200 chikuonongeka ndi siponji tsiku limodzi. Pitani nako kwa anthu a auction akaone, ndipo mufunsenso ngati chithunzicho chili pa mnyanga wa njovu, chifukwa kuyambira June 2022 lamulo la UK limaletsa kugulitsa za minyanga pokhapokha chinthucho chili m'gulu lololedwa ndipo mwachilembetsa.