Valavu ya mtima yathina, mtsempha wa aorta wakula: yankho kwa mwana amene akudera nkhawa bambo ake

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Malawi amene amakhala ku Birmingham, ku England, ndipo akusamalira bambo awo a zaka 81. Iwo analemba kuti bambowo, amene kale ankayenda okha kupita kutchalitchi, tsopano akakwera masitepe asanu amaima n'kugwira khoma chifukwa cha phuma, ndipo mwezi watha anakomoka ali kubafa. Madokotala apeza kuti valavu yotulukira magazi mumtima yathina kwambiri, ndipo akufuna kuwaikira ina kudzera m'kachubu, njira yotchedwa TAVI. Koma sikani yaonetsanso kuti mtsempha waukulu wa aorta wakula kufika mamilimita 46. Funso lawo linali lakuti: "Ngati mtsemphawo ndi wotupa, kodi kulowetsamo mawaya si kuputa ngozi? Nanga bwanji osangochita opaleshoni yaikulu n'kukonza zonse ziwiri nthawi imodzi?"

Mayi, funso lanu ndi lomveka, ndipo madokotala a mtima nawonso amalikambirana akakhala pansi kuunika wodwala ngati bambo anu. Mfundo yoyamba imene ndikufuna muigwire ndi yakuti bambo ali ndi mavuto awiri amene sakuthamanga mofanana. Valavu yothina ndi imene ikuwopseza moyo wawo panopa, pomwe mtsempha wa mamilimita 46 ndi vuto loyenda pang'onopang'ono.

Valavu imeneyi ili pakhomo pamene magazi amatulukira mumtima n'kulowa mu aorta, ndipo mwa anthu ambiri imakhala ndi timapiko titatu tofewa timene timatseguka ndi kutsekeka mtima ukamagunda. Munthu akamakalamba, kashiamu amaunjikana pa timapikoti ngati mmene chimalaimu choyera chimagwirira pansi pa ketulo yowiritsira madzi a pachitsime, mpaka timauma gwa. Khomo limene linali la masikweya sentimita 3 kapena 4 limatsala losakwana sikweya sentimita imodzi, ndipo mtima umavutika kukankha magazi pakabowo kotere. Zizindikiro zikayamba, monga phuma, kupweteka pachifuwa ndi kukomoka, nthawi yotsala imakhala yochepa. Pa kafukufuku wa PARTNER, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2010, pafupifupi theka la okalamba amene sakanatha kuchitidwa opaleshoni ndipo sanaikidwe valavu yatsopano anamwalira chisanathe chaka. Palibe mapiritsi amene amasungunula kashiamu ameneyu. N'chifukwa chake kukomoka kwa bambo kubafa kuja kukundidetsa nkhawa kwambiri kuposa nambala 46.

Tsopano za mtsemphawo. Gawo la aorta lochoka pamtima likapitirira mamilimita 40 amati lakula, ndipo madokotala amachita opaleshoni ya mtsempha wokhawo likafika mamilimita 55, chifukwa pamenepo ngozi yong'ambika imaposa ngozi ya opaleshoni. Palinso nambala ina, ndipo ndi imene ikupereka mphamvu ku funso lanu lachiwiri: ngati munthu akung'ambidwa kale chifuwa kuti asinthidwe valavu, malangizo a akatswiri a ku Ulaya ndi ku America amati ndi bwino kusinthiratu mtsempha umene wafika mamilimita 45. Ndiye bambo akanakhala a zaka 60 ndiponso amphamvu, ndikanakuuzani mosazengereza kuti opaleshoni yaikulu ndiyo yoyenera. Koma opaleshoniyo imafuna kudula fupa la pachifuwa, kuimitsa mtima pamene makina akupopa magazi, kusoka chubu cha nsalu ya Dacron m'malo mwa mtsempha, kenako miyezi iwiri kapena itatu yoti thupi libwerere mwakale. Kwa munthu wa zaka 81, impso, mapapo ndi ubongo sizipirira zimenezi ngati kale, ndipo ena amachira bala koma osabwereranso pa msinkhu woyenda okha. Pamene aorta yokula pang'ono mwa okalamba kawirikawiri imawonjezeka ndi milimita imodzi kapena kucheperapo pachaka. Mukawerengera nokha kuchoka pa 46 kukafika pa 55, muona chifukwa chake madokotala ambiri amasankha kukonza valavu n'kumayang'anira mtsempha.

TAVI inayamba kuchitidwa pa munthu pa 16 Epulo 2002, mumzinda wa Rouen ku France, ndi dokotala Alain Cribier. Valavu yatsopano imapangidwa ndi kachikopa kokuta mtima wa ng'ombe kapena wa nkhumba, kosokeredwa pa kachitsulo kooneka ngati ukonde. Asanaiike, amaifinya mpaka ichepe ngati pensulo, n'kuilowetsa mumtsempha wa m'mphechepeche, ndipo imakwera motsatira waya, kukhota pamwamba pa chifuwa, mpaka kufika pakhomo la mtima. Pamenepo amaitambasula mkati mwa valavu yakale, imene saichotsa koma imangokankhidwira m'mbali. Odwala ambiri sagonekedwa tulo tofa nato, ndipo amatuluka m'chipatala pakatha tsiku limodzi mpaka atatu.

Chimene chingakutonthozeni pa funso lanu loyamba ndi chakuti valavu yatsopano siigwirira pa gawo lotupalo. Imakhazikika m'munsi, pa mkombero wa valavu yakale, ndipo kashiamu yemwe uja ndi amene amaigwira kuti isasunthe. Mawaya ndi kachubu zimangodutsa mumtsempha wokulawo. Sindikunena kuti ngozi palibe, chifukwa khoma la mtsempha wotupa limakhala lopyapyala ndipo likhoza kung'ambika, koma zimenezi sizichitikachitika. Chimene chimavutitsa madokotala kwambiri ndi chakuti aorta ikakula imatalikanso n'kugona chopingasa, moti kachubu kamafika pa valavu mopendekera. Pachifukwa chimenechi amasankha mosamala pakati pa mitundu iwiri ya mavalavu: waufupi wotambasulidwa ndi kabaluni, monga SAPIEN ya kampani ya Edwards, ndi wautali wotambasuka wokha, monga Evolut ya Medtronic, umene mutu wake umafika m'gawo lokwera la aorta. Ngozi zina ndi za wodwala aliyense wa TAVI: sitiroko imagwira awiri kapena atatu pa 100 alionse, pafupifupi mmodzi pa 10 alionse amafunika kuikidwa pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino, ndipo nthawi zina magazi amadontha pang'ono m'mbali mwa valavu yatsopano.

Pali funso limodzi limene ndikukupemphani kuti musachoke kwa dokotala musanalifunse, nalo ndi lakuti valavu ya bambo ili ndi timapiko tingati. Munthu mmodzi kapena awiri pa 100 alionse amabadwa ndi timapiko tiwiri m'malo mwa titatu, ndipo anthu amenewa ndi amene kawirikawiri amakhalanso ndi khoma la aorta lofooka chibadwire. Khomo la valavu yawo limakhala lozungulira ngati dzira, kashiamu amaunjikana mbali imodzi, ndipo valavu yatsopano ikhoza kulephera kutambasuka mokwanira. Kafukufuku wamkulu wambiri amene anayerekeza TAVI ndi opaleshoni sanalowetsemo odwala otere, choncho umboni wokhudza iwo ukuchokera makamaka m'kaundula wa zipatala. TAVI imachitidwabe kwa iwo ndipo ambiri zimawayendera bwino, koma kuunika kwake kumafuna diso lakuthwa. Komanso ngati zili choncho, inuyo ndi abale anu obadwa nawo muyenera kukajambulitsa mtima, chifukwa vutoli limayenda m'magazi a banja.

Funsaninso ngati pali sikani yakale yoti ayerekezere, chifukwa mtsempha umene wakhala pa 46 kwa zaka zisanu ndi wosiyana kwambiri ndi umene unali pa 41 chaka chatha. Auzeni madokotala ngati m'banja mwanu munakhalapo wina amene anangogwa n'kumwalira mwadzidzidzi akudandaula pachifuwa kapena kumsana, ngakhale zitakhala kuti kumudzi anthu ananena zina za imfayo. Mbiri yotereyi imatha kusintha chiganizo chonse cha gulu la akatswiri a mtima amene ali ndi zithunzi za bambo m'manja.

Ndipo bambo mwiniwake afunsidwe chimene akufuna. Ndaona kangapo ana akukambirana ndi dokotala m'Chingerezi chothamanga pamene kholo langokhala phee pampando, chipewa chili pamaondo, likungoyang'ana uku ndi uku. Khalani nawo pansi, muwafotokozere m'Chichewa kuti TAVI ichotsa phuma ndi kukomoka koma mtsempha wotupawo utsala mmene ulili. Ayenera kudziwa kuti pambuyo pake azikajambulidwa chaka ndi chaka, azimwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi osadumphitsa, azipewa kunyamula katundu wolemera, ndiponso azisamalira mano, popeza tizilombo ta m'kamwa tikhoza kukafika pa valavu yatsopano. Ngati tsiku lina adzamva ululu woopsa wadzidzidzi pachifuwa kapena pakati pa mapewa, wokhala ngati china chake chikung'ambika mkati, musadzadikire kuti kuche kapena kuwayesa kaye ndi panado. Mudzaimbe 999, nambala ya zadzidzidzi ku England, nthawi yomweyo, ndipo mudzawauze a ambulansi kuti bambo ali ndi aorta yokula.