Makala m'dzenje la kubafa: yankho kwa mayi a ku Matawale

Mayi ena a ku Matawale andilembera kalata. Akufuna kuthirira mpiru ndi madzi a kubafa, koma apongozi awo amamwa mapiritsi tsiku ndi tsiku. Akufunsa ngati makala angasefe mankhwalawo. Mayi, mwandiponda pachilonda.

Ine ndinayesapo. Ndinakumba dzenje kuseri kwa bafa, n'kukhuthuliramo thumba lathunthu la makala a pambaula, zibuluma zazikuluzikulu. Madzi ankangodutsa m'mipata ngati palibe kanthu, ndipo pakutha mwezi panali thovu la sopo, fungo ndi udzudzu. Mayi a kunyumba anangoti, "Bambo, makala ophikira nyemba mwawadyetsa dzenje?" Mpaka lero nkhaniyi imatuluka kukabwera alendo.

Koma nkhawa yanu ndi yoona. Tisanamizane, kubafa anthu amakodzerako. Mankhwala ambiri thupi siliwamaliza, ena amatuluka ndi mkodzo: sulfamethoxazole wa mu Bactrim, carbamazepine wa khunyu amene sawola msanga m'madzi, ngakhale za m'mapiritsi olerera. Maso saona, mphuno simva. Ku India, m'zaka za m'ma 1990, miimba inatsala pang'ono kutha chifukwa chodya ng'ombe zakufa zomwe zinabayidwa mankhwala oletsa ululu otchedwa diclofenac.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zonse zathu zimatsikira mu Likangala, Likangala n'kukathira m'nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Matemba omwewo ndi amene timakagulanso mumsika. Ndiye wina azindiuza kuti madzi akayera ndiye kuti ndi abwino? Ayi ndithu. Ndipo amene akugwetsa mitengo m'phiri la Zomba asapezerepo chifukwa pano. Mankhusu a mpunga angoti mbwee pazigayo, zitsononkho timangozitaya. Makala osefera madzi azichokera kumeneko.

Nanga muchite chiyani?

Wotchani mankhusu kapena zitsononkho mumgolo wovundikira, mpweya uzilowa pang'ono, zide bii koma zisasanduke phulusa. Moto ukakhala waukali, timabowo ta m'makalamo timachuluka, ndipo m'timabowo ndi momwe mankhwala amakakamira. Sinjani, sakanizani ndi mchenga wa kumtsinje, pansi muyale miyala, pamwamba mudzale vetiva kapena mabango. Tizilombo ta m'mizu timaphwanya ena mwa mankhwalawo, bola madzi aziyenda pang'onopang'ono, masiku angapo, osati kungodutsa ngati anga aja.

Makala amakhuta, ndiye muziwasintha, akalewo osawathira kudimba. Mankhwala onse sangachoke, ndiponso makala sapha kolera. Ine ndikanakhala inu, madziwo ndikanathirira nthochi ndi mapapaya. Mpiru uzimwa a pampopi.