Ndalama za anamwino oyendayenda: zimene sindinkadziwa mu 2021

Achemwali ena, namwino ku Ohio ku America, andilembera kuti aona pa Facebook kuti ma travel nurse, anamwino oyendayenda amene amagwira ntchito pa makontirakiti a nthawi yochepa, amalandira $3,000 pa sabata. Akufunsa ngati asiye ntchito yawo yokhazikika.

Achemwali, mwandikumbutsa chilonda. Mu 2021, Covid itavuta, zipatala za ku America zinkasowa anamwino moti malipiro anakwera ngati misala. Ineyo ndinasaina kontirakiti ya masabata 13 ku Texas, mashifiti atatu a maola 12 pa sabata. Nditaona nambala ya pa sabata, ndinavina ndekha kukhitchini. Kenako ndinachita zopusa ziwiri. Choyamba, ndinauza achibale kumudzi. Amalume anatenga foni, kusandutsa madola kukhala makwacha, ndipo pofika Lamlungu ndinali nditapatsidwa kale ana atatu oti ndiwalipirire fizi ndi malata a tchalitchi. Sindikuwanena, amalume ndi munthu wabwino, koma nambala imene anaimva si imene inkalowa kubanki.

Chachiwiri ndiye chinandiliza. Ndinasiya nyumba imene ndinkachita lendi, katundu ndinakasungitsa, ndinati ndilipirirenji nyumba yomwe sindigonamo? Osadziwa kuti ndikudula nthambi imene ndakhalapo.

Malipirowa amabwera pawiri. Tiyerekeze kuti akulonjezani $2,200 pa sabata. Mwina $900 yokha ndiyo malipiro enieni, $25 pa ola kwa maola 36, ndipo imeneyo imadulidwa msonkho. Yotsalayo ndi alawansi ya nyumba ndi chakudya, yomwe ilibe msonkho. Koma a IRS, bungwe lotolera msonkho ku America, amalola zimenezi pokhapokha muli ndi kwanu kwenikweni kumene mukulipirabe, uku mukulipiranso kumene mwapita kukagwira ntchito. Alawansi si mphatso, ndi yokubwezerani chifukwa mukulipira nyumba ziwiri. Ine ndinalibe yachiwiriyo. Mayi amene amandiwerengera za msonkho anangovula magalasi, n'kunena kuti alawansi yonseyo iyenera kudulidwa msonkho. Ndinamufunsa ngati nyumba imene ndikumanga ku Lilongwe ingawerengedwe. Anaseka. Inalibe ndi denga lomwe.

Ndipo ndinene mosabisa: ma ejensi (makampani opezera anamwino makontirakitiwa) amene amalengeza nambala yaikulu osaigawa pawiri amadziwa chimene akuchita. Malipiro a pa ola akachepa, n'chimodzimodzi kuti pamapepala ndinu wosauka. Ndinazionera ku banki pofuna ngongole ya nyumba, anangoyang'ana gawo lodulidwa msonkho lija basi. Social Security, penshoni ya boma la America, nayo amawerengera pomwepo. Anzanga ena amakakamira kuti ukangokhala mamailosi 50 kuchokera kwanu ndiye kuti alawansi sidulidwa msonkho. Limenelo ndi lamulo la ma ejensi ndi zipatala zina, si la IRS. Ndinakangana ndi mnzanga wa ku Kenya za nkhani imeneyi usiku wonse wa shifiti, mpaka lero amandiyankha mozizira.

Vuto lina ndi lakuti chipinda chimene ndinapeza ku Texas chinali ndi mphemvu zazikulu ngati chala, koma lendi yake inkadya theka la alawansi. Chipatala chikandiuza kuti lero odwala achepa, musabwere, ejensi inkadula malipiro a tsikulo ndi gawo la alawansi. Mwininyumba sankadula kalikonse.

Tsono mutani?

Ngati munabwera pa kontirakiti ya kampani imene inakupezerani mapepala, imalizeni kaye, mukaisiyira panjira chindapusa chake n'chowawa. Musasiye nyumba yanu ya ku Ohio, ndipo muzisunga malisiti. Musapitirire chaka pamalo amodzi, alawansi imasanduka malipiro wamba. Funsani ejensi kuti akulembereni maola otsimikizika, ndipo yerekezani alawansi ndi mitengo ya malo ogona ndi chakudya ya mzindawo imene bungwe la boma la GSA limalengeza. Laisensi ya Ohio ya m'gulu la compact (mgwirizano wa maboma ovomerezana malaisensi a anamwino) imagwira m'maboma ambiri, koma ku California mufunika yakeyake. Amalume anu auzeni $900 ija yokha.