Asisi, za mizere yofiira ya ngongole zija pangani chonchi

Asisi ndaona funso lanu lija, kuti muli ndi shiti ya Excel ya banki m'khonde yanu ndiye mukufuna aliyense amene tsiku lake lobweza ladutsa mzere wake uzifiira wokha, osati muzichita kuloza deti imodziimodzi ndi chala Lamlungu lililonse. Mwati munayesa kale koma zinafiira ndi malo opanda kanthu omwe, oti anabweza kalekale nawonso psuu, pomwe ena amene mukudziwa bwino kuti akuzemba mizere yawo ili mbee. Zonse zitatuzi zinandichitikirapo ineyo, ndipo chilichonse chili ndi chifukwa chake, si kuti Excel yanu yapenga ayi.

Amene akuuzani kuti mupite pa Highlight Cells Rules kenako Less Than mulembe =TODAY() sananame kwenikweni, koma njira imeneyo ndi yomwe yakufiiritsirani malo opanda kanthu aja. Nkhani yake ndi yoti Excel deti siyiona ngati deti, imaona nambala. Imawerenga masiku kuyambira 1 Januwale 1900 amene ndi 1, ndiye 1 Januwale 2025 kwa iyo ndi 45658 basi. Selo yopanda kanthu imayitenga ngati 0, ndipo 0 ndi yochepa kuposa lero, ndiye ikuganiza kuti pamzere wopanda munthu paja pali wina wake amene sanabweze kwa zaka zoposa 100 kkkk. Komanso njirayi imangoyang'ana deti yokha, sidziwa kuti munthu anabweza kapena ayi. Ija ya A Date Occurring nayonso musataye nayo nthawi, ili ndi dzulo, sabata yatha, mwezi watha, koma yoti masiku onse a m'mbuyo mulibe.

Chofunika ndi fomula yanuyanu. Sindikudziwa makolamu anu munawayala bwanji ndiye nditengera yanga, inu musinthe zilembo zokha. A ndi dzina, B ndalama yonse yoti abweze pamodzi ndi chiwongoladzanja, C tsiku lotenga, D tsiku lobweza, E zomwe wabweza mpaka pano, F yotsala yomwe ndi =B2-E2. Mitu ili pa mzere woyamba, anthu akuyambira pa mzere wachiwiri.

Musankhe kuyambira A2 mpaka F200 kaya pomwe mukufuna, muyambire pa A2 penipeni osati pamitu, izi nzofunika. Kenako Home, Conditional Formatting, New Rule, musankhe yapansi kwenikweni ija yolembedwa Use a formula to determine which cells to format. Mubokosimo mulembe:

=AND(ISNUMBER($D2),$D2<TODAY(),$F2>0)

Mudine Format, Fill, musankhe mtundu, OK, OK. Basitu. Fomulayi ikufunsa mafunso atatu, mu D muli deti yeniyeni? detiyo yadutsa? munthuyu akadali ndi yotsala? Onse atatu akakhala eya ndi pomwe mzere ukufiira. Loyamba lija ndi lomwe likuchotsa malo opanda kanthu, lomaliza likupulumutsa amene anabweza.

Ka $ kaja musakaiwale ndipo musakaonjezere. Kali kutsogolo kwa D ndi F koma kutsogolo kwa 2 kulibe. Tanthauzo lake ndi loti kolamu isasunthe koma mzere uzisuntha, munthu aliyense aziyezedwa ndi deti yake. Vuto ndi loti mukapanda kulemba pamanja nkudina seloyo ndi mbewa, Excel imalemba yokha $D$2, ndiye shiti yonse imayamba kutsatira munthu woyamba uja, iye akachedwa onse psuu, akabweza onse oyera. Ndipo mukasankha kuyambira pamitu A1 koma fomula ikunena mzere 2, mtundu umatera pa munthu wapamwamba pake, wosalakwa. Ine zinandichitikira zimenezi, ndinakaimbira mayi wina foni mwaulemu wanga wonse kuwakumbutsa za ngongole pomwe anabweza sabata ziwiri zapitazo, wangongole weniweni ali phee pamzere wapansi pawo. Manyazi ake mpaka lero tikakumana ku tchalitchi amandiseka.

Mwina mukudabwa kuti bwanji ndagwiritsa ntchito yotsala osati kolamu yolemba kuti Wabweza. Zimatheka, ngati mawuwo mukuwalemba mu E mutha kulemba $E2<>"Wabweza" mmalo mwa $F2>0, koma ine sindiyikonda. Choyamba ku banki m'khonde anthu sabweza kamodzi, wina pa K60,000 abweretsa K45,000 nkumati yotsalayo sabata yamawa, ndiye mulemba chani pamenepo, wabweza kapena ayi? Chachiwiri tsiku lina mudzalemba Wabweza, lina Paid, lina Wabwenza, lina mudzasiya kasipesi kumapeto osakaona, Excel zilembo zazikulu ndi zazing'ono siyisamala koma kasipesi kaja imakawerenga, ndiye mzere udzafiira inu nkumadabwa. Nambala ilibe zimenezo, yotsala ikafika 0 mtundu ukuchoka wokha.

Tsopano ozemba aja amene sakufiira, apa ndi pomwe pagona nkhani ndipo ndikukaika ngati vuto lanu lalikulu silili pomwepa. Madeti ambiri amene timalemba si madeti, ndi mawu chabe. Malaputopu ambiri amene timagulawa amabwera atatcheredwa za ku America, kumene amayamba mwezi kenako tsiku. Ife timayamba tsiku. Ndiye inu mukalemba 25/04/2025, kompyuta ikufuna mwezi wa nambala 25, ikuusowa, ikungoisiya ngati mawu osakuuzani kanthu. Mawu sangachepe kuposa TODAY(), ndiye munthu ameneyo sadzafiira mpaka kalekale. Choopsa kwambiri ndi ichi, mukalemba 03/04/2025 mukutanthauza 3 Epulo, iyo ikulandira bwinobwino koma ngati 4 Malichi, munthu nkufiira mwezi wathunthu nthawi yake isanakwane. Kapena 04/09 mukuti 4 Seputembala iyo ikuti 9 Epulo. Ndiye shiti imodzi yomweyo madeti a pa 13 kupita mtsogolo ndi mawu, a pa 1 mpaka 12 ndi otembenuzika, inu mukuyang'ana zonse zikuoneka bwino.

Kuzindikira kwake nkosavuta. Kulitsani kolamu D, ngati simunasinthe kayalidwe deti yeniyeni imatsamira kumanja, yabodza kumanzere. Kapena pa selo ina yapambali lembani =ISNUMBER(D2) mukokere pansi, paliponse patuluke FALSE pali vuto. Kukonza kwake musankhe kolamu D, Data, Text to Columns, Next, Next, pa tsamba lachitatu musankhe Date kenako DMY, Finish. Zikatero mudine kumanja, Format Cells, Custom, mulembe dd-mmm-yyyy kuti mwezi uzioneka dzina ngati 03-Apr-2025, apo sipakhalanso kukangana. Koma chonde mutenge kope lanu lamanja lija mufananize madeti onse a pa 1 mpaka 12 amodziamodzi, ndi ntchito yotopetsa koma ya tsiku limodzi. Ndipo mukonzeretu gwero lake, mu Windows pa Region musinthe format ikhale English ya United Kingdom. Ine masiku ano ndimalemba chaka poyamba, 2025-04-25, imeneyi siisokonezeka. Deti ya lero ndimangodina Ctrl ndi semikoloni (;) nthawi imodzi, imadzilemba yokha. Zolemba ndi madontho ngati 25.04.25 kapena "25 Epulo" m'Chichewa zisiyeni, izo Excel siizimva.

Zikayenda mutha kuonjezera lamulo lachiwiri lachikasu, la amene tsiku lawo layandikira, kwa ine ili ndi lothandiza kuposa lofiira chifukwa umawakumbutsa zinthu zisanaipe:

=AND(ISNUMBER($D2),$D2>=TODAY(),$D2<=TODAY()+7,$F2>0)

Ndi lachitatu la akatundu enieni amene apitirira mwezi, mu fomula yoyamba ija mungosintha pakati pakhale $D2<TODAY()-30 nkupatsa kufiira kodera. Ili likhale pamwamba pa onse, mupite Conditional Formatting, Manage Rules, mulikweze ndi kamuvi kaja, chifukwa malamulo awiri akamalimbirana mtundu wa selo imodzi lapamwamba ndi lomwe limapambana. Likakhala pansi simudzaliona likugwira ntchito. Koma atatu akwana asisi, ndinaonapo shiti ya mitundu isanu ndi iwiri ngati chitenje, mwini wake yemwe samakumbukira kuti wapepo ndi chani.

Kanthu kena kakang'ono koma kamayambanitsa anthu, < ndi <= ndi zosiyana. Mmene ndalembera pamwambapa munthu amene tsiku lake ndi lero sakufiira, afiira mawa. Mukaika <= afiira lero lomwe mmawa asanasambe nkomwe. Onani malamulo a gulu lanu amati chani, makamaka ngati pali chindapusa cha kuchedwa, ndipo ngati mumapereka masiku achisomo, tinene atatu, mulembe $D2+3<TODAY().

TODAY() nayo ili ndi khalidwe lake. Imatenga tsiku kuchokera pa wotchi ya kompyuta, ndiye ngati laputopu yanu ndi yakale yoti kabatire ka mkati kanatha, magetsi akazima nkumadzuka ili m'chaka china, mitundu yonse idzasokonekera. Komanso imasintha tsiku lililonse mukatsegula fayilo, kutanthauza kuti simungabwerere kukaona mmene zinalili pa msonkhano wa mwezi watha. Ine ndinasiya kuiika mkati mwa lamulo. Ndili ndi selo imodzi pamwamba, H1, mmene ndimalemba tsiku la msonkhano, ndipo mu mafomula onse paliponse pali TODAY() ndinaikapo $H$1, apa ndiye madola awiri onse akufunika. Lachisanu ndimalemba deti ya Lamlungu likubweralo nkuoneratu amene adzakhale ofiira tsikulo, ndikuwatumizira uthenga mwakachetechete. Ndikafuna za lero ndimangolemba =TODAY() mu H1 momwemo. Zimathandizanso poyesa, musinthe H1 ikhale chaka chamawa muone ngati onse angongole afiira, akatsala wina ndiye deti yake ndi yabodza.

Mwati nthawi zina mumatsegula pa foni ndi Google Sheets. Fomula ndi yomweyo ndendende. Pa kompyuta ndi Format, Conditional formatting, pa Apply to range mulembe A2:F200, pa mndandanda uja mutsike mpaka Custom formula is. Kumeneko lamulo loyamba kugwirizana ndi lomwe limatenga selo, ndiye lodera lija mulikokere pamwamba. Mulowenso File, Settings, Locale ikhale United Kingdom ndipo nthawi ikhale ya GMT+02:00, apo ayi shiti imatha kumayendera nthawi ya dziko lina nkumasintha tsiku mochedwa. Malamulowa muwakonze pa kompyuta, foni ikhale yoonera ndi kulowetsa ndalama, pa kasikilini kakang'ono kulemba madola ndi mabulaketi ndi chilango.

Fomula ikakanidwa mwalemba bwinobwino, yesani kusintha makoma akhale semikoloni (;) chifukwa makompyuta otcheredwa za ku South Africa ndi maiko ena a ku Ulaya amafuna imeneyo. Abale athu a ku Tete amene Excel yawo ili m'Chipwitikizi, TODAY ndi HOJE ndipo AND ndi E.

Chomwe chimaononga malamulowa pakapita miyezi ndi kukopa ndi kumata. Mukakopa mzere kuchokera kwina nkuumata wamba, umabwera ndi malamulo ake, tsiku lina mudzatsegula Manage Rules nkupeza lamulo limodzi lomwelija laswana kakhumi, lililonse ndi kachigawo kake. Muzimata ndi Paste Special, Values. Ndipo mukasandutsa shitiyo Table ndi Ctrl ndi T, membala watsopano mukamulemba pansi fomula ya yotsala ndi mtundu zimamutsatira zokha.

Ngati mumakasindikiza ku kafe kuti mupite nazo ku msonkhano, dziwani kuti pa pulinta ya inki yakuda kufiira ndi chikasu zonse zimatuluka zotuwa, komanso alipo anthu, makamaka abambo, amene kufiira ndi kubiriwira sasiyanitsa bwino. Ndiye muonjezere kolamu G ya masiku ochedwa, =IF(AND(ISNUMBER(D2),D2<$H$1,F2>0),$H$1-D2,"") ikatulutsa zooneka ngati deti musinthe format ikhale General. Chindapusa mutha kuwerengera pomwepo. Ndalama zonse zochedwa pamodzi ndi =SUMIFS(F2:F200,D2:D200,"<"&H1), atcheya amakonda nambala imeneyi kuposa mitundu.

Chithunzi cha shiti yofiira chokha musamaponye pa gulu la WhatsApp la mamembala, ine ndinayesapo kamodzi ndikuti ndikuthandiza, anthu awiri anatuluka pagulu usiku womwewo ndipo wina mwamuna wake samadziwa nkomwe kuti anatenga ngongole. Zikakanikabe mujambule Manage Rules pooneka fomula ndi Applies to, ndi kolamu D yokha mutabisa maina, muponye pano tione.