Mano awiri andisowetsa tulo, angozula onse?

FUNSO: Adokotala, ndine mayi wa zaka 38, ndimagulitsa nsomba pa Bangula. Dzino lachibwano linabowoka kalekale pano latsala chitsa chokha, ndiye lina lakutsogolo layambanso kupweteka usiku. Kuchipatala anati lachibwanolo azula koma lakutsogolo ndipite nalo ku Blantyre. Ine ndimati angozula onse ndipume, thiransipoti yokwera Thabwa ndiitenga kuti?

YANKHO: Pepani mayi, dzino likalusa ngakhale nsima sikoma. Koma amene anakuonaniwo sanalakwe ayi.

Chitsacho chilekeni chipite. Ife tisanamate dzino timaona kaye kuti pamwamba pa nkhama patsala khoma loti chomatacho chigwirepo, komanso muzu ndi fupa zili bwanji. Dzino loti lavunda mpaka kunsi kwa nkhama, kapena linang'ambika mpaka kumuzu, kapena likugwedera ngati mtengo wa m'mbali mwa Shire madzi atakokolola dothi, kulimata ndikungotaya ndalama, mudzabweranso mukulira.

Lakutsogololo nde nkhani ina. Likanakhala loti limangonyung'unya pang'ono mukamwa madzi ozizira kenako nkusiya bwenzi akungomata basi, koma poti likumakudzutsani usiku ndiye kuti kuvundako kwafika pa mtsempha wamkati. Pamenepo pamafunika root canal, amajambula ekisileyi, kuchotsa mtsemphawo, kutsuka mkati mwa muzu nkutseka, dzino limakhala pomwepo, ndipo nthawi zambiri si ulendo umodzi. Zipatala zambiri za m'maboma zida zake sizipezeka nchifukwa amakupatsani kalata yaku Queens, kuja ena amati ku Gulupu. Musananyamuke afunseni akuuzeni tsiku loti mukafike, kuopa kukwera phiri lonse lija pachabe.

Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32 ndipo lomwe lazulidwa silimeranso, oyandikana nalo amayamba kupendekera pampatapo. Nanji lakutsogolo, inu ochita bizinesi yosekerera makasitomala! Ine ndikanalimenyera nkhondo. Ngati ndalama yavutiratu kuzula nkwabwino kusiyana nkukhala ndi mafinya mkamwa, koma yesani kaye.

Pomwe mukudikira imwani panado monga mwa muyezo, muzichukucha madzi ofunda a mchere. Zoika asipulini pankhama, fodya wa nefi kapena madzi a batire ayi ndithu, zimawotcha nyama, ndipo mulibe nyongolotsi mdzinomo, ndi tizilombo tosaoneka timene timadya shuga nkutulutsa asidi wodya dzino.

Koma tsaya likatupa kulowera kudiso kapena kunsi kwa chibwano, thupi likatentha, mukamalephera kuyasamula kapena kumeza malovu, musadikire tsiku la kalata lija, pitani pachipatala cha Nsanje kapena chilichonse chapafupi tsiku lomwelo ngakhale ndi usiku. Ndipo ngati muli ndi shuga, BP, ndinu oyembekezera kapena mumamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, muwauziretu asanagwire chitsa chija.