Mitambo inayi pa mlalang'amba umodzi, zikutheka bwanji?

Mwandilembera pa imelo kuti mwaona chithunzi cha radio galaxy, mlalang'amba wotulutsa mafunde amphamvu a wailesi, chili ndi mitambo inayi yondondozana, iwiri yaikulu kunja iwiri yaing'ono mkati, ndiye mukufunsa ngati ndi milalang'amba iwiri yangosanjikizana.

Ayi achimwene, ndi umodzi womwewo. Pakati pake pali black hole yaikulu zedi, chinthu chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikungathaweko, ikamameza gasi imatulutsa majeti awiri, mitsinje yopyapyala ya tinthu tothamanga, ina uku ina uko, pa liwiro loyandikira la kuwala, ndipo pomwe majetiwo akuwomba gasi wakunja mpomwe pamatupa mitambo ija. Chakudya chikachepa majeti amazima, chikabwera china amayakanso. Yakunjayo ndi ya ulendo woyamba, yamkatiyo ndi yatsopano. Arno Schoenmakers ndi anzake anatcha milalang'amba yotereyi double-double radio galaxies mu 2000, ndipo B1834+620 ndi imodzi mwa izo.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi ichi. Jeti yoyamba inavutika kuboola gasi wothinana, koma yachiwiriyi imangolowa mumkwaso, imapeza mnzake analambula kale, mkatimo mwapepuka, ndiye imathamanga kwambiri ndipo mitambo yake imakhala yowonda. Nthawi zambiri imatsatanso mzere womwewo ngakhale papita zaka mamiliyoni, kusonyeza kuti black hole ija sinapendekeke pa kazungulidwe kake. Taganizani mlalang'amba wotchedwa 3C 236, mitambo yakunja kutalika kwake kuwala kungayende zaka pafupifupi 15 miliyoni, koma pakatikati pali timitambo tiwiri tongoyamba kumene, tomwe kutalika kwake kuwala kungayende zaka masauzande ochepa chabe.

Nanga timadziwa bwanji kuti yakunjayo ndi nkhalamba? Mafunde a wailesi a m'mitamboyi amachokera ku tinthu ting'onoting'ono totchedwa maelekitironi, ndipo maelekitironi amphamvu kwambiri, otulutsa mafunde a mafrikwense apamwamba (ogunda mofulumira), ndi amene amafooka msanga, monga makala amasiya kuyaka koma phulusa likadali lotentha. Ndiye pa mafrikwense apamwamba mitambo yakale imazilala, pa otsika ikuonekabe, nchifukwa chake telesikopu ya LOFAR ya ku Netherlands, yomvera cha pa 150 MHz, yapeza yambiri yotere.

Mbali ya kakulidwe ka mlalang'amba nayo siyochepa. Jeti ikayakanso imatenthetsa ndi kukankha gasi amene akanazizira nkupanga nyenyezi, ndiye kuzima ndi kuyakaku kukabwerezedwa kangapo nyenyezi zatsopano zimabadwa zochepa. Ilipo radio galaxy ina, B0925+420, ili ndi magulu atatu a mitambo iwiriiwiri, yayaka katatu imeneyo. Bwererani ku chithunzi chanucho muone nsonga za mitambo yakunja, ngati kukadali kadontho kowala ndiye kuti jeti yakaleyo yangozima posachedwa, zotsala zake zikadafikabe kumeneko.